Bambo a kunyumba anabwera ku Congo koma sagona: kodi kope lingathandize?

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo dzina lawo ndi dera lomwe akukhala ndasunga. Mwachidule akuti: "Bambo a kunyumba anali m'gulu la asilikali omwe anapita ku Congo. Chibwerereni sagona bwino, amabwebweta usiku, chitseko chikangomenyeka amadzidzimuka, ndipo mowa wachuluka. Ndikawafunsa amangoti zinapita izo. Ndinamva kuti kulemba zomwe munthu anaona kumathandiza. Kodi n'zoona, kapena n'zachizungu chabe? Ndiwagulire kope?"

Mayi, kope gulani, silidula. Koma musanaliike patebulo, mvetsetsani kaye zomwe lingathe ndi zomwe silingathe.

Zomwe munamvazo zili ndi pochokera. Mu kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 1986, katswiri wa za maganizo James Pennebaker anapempha ophunzira a pa yunivesite ina ku Texas kuti azilemba kwa mphindi 15 patsiku, masiku 4 otsatizana, za chinthu chowawa kwambiri chomwe chinawachitikira. Amene analemba zomwe zinachitika pamodzi ndi momwe zinawapwetekera mumtima ankapita kuchipatala mocheperapo m'miyezi yotsatira. Koma tinene chilungamo: awa anali ophunzira, osati anthu ochokera kunkhondo, ndipo kafukufuku wambiri amene anabwera pambuyo pake anapeza kuti kulemba pawekha kumathandiza ndithu, koma pang'ono.

Zokhudza amuna anu kwenikweni zinachokera ku Boston, komwe Denise Sloan ndi Brian Marx anakonza njira yotchedwa Written Exposure Therapy ya anthu omwe ali ndi vuto la m'maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa, lomwe madokotala amati PTSD. Munthu amakumana ndi mlangizi kasanu kokha, ndipo nthawi iliyonse amalemba kwa mphindi 30 za tsiku limodzi lomwelo lomwe likumuzunza. Mu 2018 anatulutsa zotsatira zosonyeza kuti njirayi inathandiza mofanana ndi chithandizo china chokumana ka 12, ndipo osiyira panjira anali ochepa. Taonani kuti pamenepa pali mlangizi yemwe amawerenga n'kuwongolera. Si kope lokha.

Nanga kulemba kumagwira bwanji? Munthu woti anaona zoopsa amathawa kuzikumbukira, ndiye zimamubwerera zili zidutswazidutswa: fungo la utsi, kulira kwa mnzake, phokoso la galimoto. Akamazithawa kwambiri m'pamenenso zimamulonda. Cholembera chimamukakamiza kuti aziike m'ndondomeko. Linali dzuwa lanji? Kumanja kwanga kunali ndani? Ndinamva chiyani kaye, mfuti kapena mfuu? Ndinaganiza chiyani nthawi imeneyo? Akalemba nkhani yomweyo mobwereza, thupi limayamba kuzindikira kuti zija zinatha, pano ali panyumba. Kulemba "ndatopa, moyo ndi wovuta" tsiku lililonse si zomwe tikunena. Poti kulembaku kumakumbutsa zowawa, tsiku loyamba munthu amatha kudzuka pampando ali wokhumudwa kuposa momwe anakhalira, ndipo zimenezo kawirikawiri zimachepa pakapita maola angapo. Koma akaona kuti mutu ukusokonekera, aleke. Ndipo zomwe zangochitika kumene si zoti athamangire kuzilemba. Chithupsa sachifinya chisanapse.

Ndikamva anthu akuti zimenezi n'zachizungu ndimadabwa. Mu November 2018 asilikali a Malawi 6 anaphedwa kufupi ndi mzinda wa Beni ku Congo, ndipo mu January 2025 enanso 3 anafa pomwe zigawenga za M23 zinkalowera ku Goma. Anzawo omwe anali nawo limodzi anabwerera kuno, ali m'makomo mwathu. Pa namondwe wa Freddy mu March 2023, asilikali, apolisi, a Red Cross ndi anyamata wamba anafukula mitembo m'matope ku Chilobwe. Maliro tinalira, koma ofukulawo ndani anawafunsa ngati akugona?

Tsopano pano ndi pomwe ndikufuna tigwirizane, mayi: kopelo likhala lawo, osati lanu. Ndikudziwa mtima ukulakalaka kudziwa zomwe zinachitika, poti mwakhala mukugogoda osatsegulidwa. Koma munthu akadziwa kuti wina awerenga, amalembera wowerengayo. Amabisa mantha ake, amabisa zomwe akudziimba nazo mlandu, pomwe zimenezo ndiye zofunika kutuluka. Musalisuzumire akapita kuntchito, ndipo ana asalipeze. Akafuna kung'amba kapena kuotcha zomwe alemba, asiyeni. Zisapitenso pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Kupatula zinsinsi za ntchito yawo, muli maina a anzawo omwe mabanja awo akadalira.

Galamala ndi kalembedwe zilibe ntchito. Alembe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, kapena kusakaniza ndi mawu a kubalaki, momwe zikubwerera. Ngati cholembera chimawalemera, angayese kulankhula n'kudzijambula mawu pafoni.

Poliperekapo musachite ngati mankhwala. Nenani kamodzi, nthawi yoti sanamwe: "Ndamva kuti asilikali ena zimawathandiza, sindiwerenga." Mukatero musafunsenso ngati alemba. Mwina angamve msanga mawuwa akachokera kwa mnzawo yemwe anali naye kumeneko, choncho ngati alipo amene amamukhulupirira, yambani mwalankhula naye.

Za mowa ndi kusagona zomwe mwatchulazo zikundiuza kuti kope lokha silikwanira. Ayenera kuonana ndi achipatala, kaya a kuntchito kwawo, kaya pachipatala chachikulu cha boma lanu pofunsa oona za matenda a maganizo. Kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Akayamba kulankhula zofuna kudzipha, kapena kukuopsezani inu ndi ana, musadikire kuti kuche: itanani achibale kapena akuluakulu awo a kuntchito, apite kuchipatala tsiku lomwelo.