Kwa achemwali ofuna kuphunzira za mitundu ya anthu ku yunivesite

Achemwali, mwati mwakhoza MSCE, mtima wanu uli pa maphunziro a mitundu ya anthu ndi chikhalidwe chawo, koma makolo akuti kumeneko kulibe ntchito. Ine ndikuti phunzirani ndithu, koma musankhe mwanzeru.

Pa Chingerezi maphunzirowa amati Ethnic Studies, dzina lomwe linachokera ku America. Mu 1968 ophunzira a pa koleji ya San Francisco State ananyanyala maphunziro pofuna kuti mbiri ya anthu akuda, eni nthaka a konko ndi ena oponderezedwa iziphunzitsidwa, ndipo mu 1969 sukulu ya maphunzirowa inatsegulidwa. Kwathu kuno nkhani zomwezo muzipeza pansi pa mayina ena. Ku Unima ku Zomba kuli History, Sociology ndi African Languages and Linguistics. Ku MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage, komwe amaphunzitsa nzeru za makolo ndi nyimbo za chikhalidwe chathu. Werengani bwino ndondomeko ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, musanadzaze fomu yofunsira malo ku yunivesite.

Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti maphunzirowa si kuvina ndi kuvala nsalu ya Mulhako basi. Mudzafunsidwa mafunso owawa. Mu 1968 momwemo Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi; kodi anthu a kumpoto anazimva bwanji? Alhomwe ambiri anabwera kuchokera ku Mozambique n'kumagwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi Mulanje, mpaka ana awo ambiri anasiya chilankhulo chawo chifukwa cha kunyozedwa. N'chifukwa chiyani mavoti athu amatsata zigawo? Muyenera kukhala wokonzeka kuufufuza mtundu wanu womwe mosaukondera. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, komanso ndi pamene pali phindu lenileni.

Nkhawa ya makolo musaipeputse ayi, ntchito zikuvutadi. Choncho pambali pa digiri gwirani luso logulitsika: kuchita kafukufuku m'midzi, kusanthula ziwerengero pa kompyuta, ndi chilankhulo china monga Chiyao kapena Chisena. Mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko amafuna munthu wotha kukhala pamphasa ndi anamkungwi n'kukambirana za chinamwali popanda kuwanyoza, kenaka n'kulemba lipoti lomveka. Uphunzitsi, utolankhani ndi zokopa alendo ziliponso.

Poti muli mu Blantyre momwe muno, yambani sabata ino. Kwerani minibasi mupite ku Museum ya ku Chichiri, muyang'ane zida zakale modekha, muwerenge zolembedwa pambali pake. Tsiku lina mukalowe mu laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija. Mukapeza kuti maola atha musanatope ndi mapepala akale, mwadziwa yankho. Makolonso muwatenge ulendo wachiwiri, akaone okha kuti pali anthu amene amadya za ntchito imeneyi.