Gitala, looper ndi laputopu: mavuto atatu osiyana

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mukalumikiza gitala ku laputopu kuti muzipeka nyimbo pompopompo pamwamba pa ma beat, mawu amachedwa, sipika imang'ung'udza, ndipo loop (kachigawo ka nyimbo komwe looper imajambula n'kumakabwerezabwereza) imasemphana ndi ng'oma. Awa ndi mavuto atatu osiyana, ndipo palibe lofunika kugulira gitala ina.

Kuchedwako n'kwa buffer, mulu wa ma sample (tizidutswa ta mawu) womwe kompyuta imasonkhanitsa isanaukonze. Pa 48 kHz, buffer ya ma sample 512 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 10.7 polowa, enanso otero potuluka. Onse pamodzi akapitirira 20 chonchi zala zimayamba kusokonezeka. Tsitsani ifike pa 128, yomwe ndi 2.7 mbali iliyonse. Mawu akayamba kuthetheka ndiye kuti kompyuta yalemedwa: zimitsani Wi-Fi, chotsani ma plugin olemera, zikakanika kwezani pa 256. Ngati muli pa Windows, ikani ASIO driver ya audio interface yanu, kabokosi kolumikizira gitala ku laputopu. Gitalayo isalowe pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu. Pickup, yomwe imatola mawu a nsambo pa gitala, imafuna khomo la pafupifupi 1 megaohm, choncho ilowetseni pa audio interface ndipo dinani batani lolembedwa Inst kapena Hi-Z, apo ayi mawu amamveka ngati sipika mwaifunditsa bulangeti.

Kung'ung'udza kuja nthawi zambiri ndi 50 Hz ya magetsi. Yesani kuzula chaja, laputopu iyendere batire. Kukatha, vuto ndi ground loop (zipangizo zolumikizana zikamafika ku earth kudzera njira zoposa imodzi), ndipo mankhwala ake ndi DI box, kabokosi kodutsitsiramo mawu, yokhala ndi batani la ground lift. Chonde musadule waya wa earth pa pulagi ya amp, anthu amafa nazo zimenezo. Koma phokoso likamasintha inu mukatembenuka ndi gitala, olakwa ndi ma pickup a single-coil, ndiye talikiranani ndi amp ndi chajacho. Musanyozere kaphokoso kakang'ono, chifukwa looper imakajambula pa layer iliyonse (mawu ojambulidwa pamwamba pa ena) n'kumakaunjika.

Tsopano za loop. Phazi silingaponde batani la looper ndendende. Mukachedwa ndi mamilisekondi 30 potseka loop, ikazungulira ka 10 mwasemphana ndi ng'oma ndi 0.3 ya sekondi, ndipo aliyense amva. Pamafunika wotchi imodzi yolamulira zonse. Looper ya Boss RC-5 imalandira MIDI clock (chizindikiro cha tempo) kuchokera ku laputopu, pomwe Ditto yaing'ono ija ya TC Electronic ilibe MIDI. Mu pulogalamu ya Ableton Live gwiritsani ntchito Looper yam'katimo, quantization (yogwirizanitsa kuponda kwanu ndi beat) muike pa 1 bar. Koma kwa woimba zongopeka, njira yabwino n'kuzitembenuza: lolani loop yanu yoyamba ikhazikitse tempo, makina azitsatira inu.

Chimene chimapha ambiri pa siteji si mawaya ayi, n'kudzaza. Layer yachisanu ikamalowa zonse zasanduka phala. Robert Fripp ndi Brian Eno, pa chimbale chawo cha 1973, ankadutsitsa tepi imodzi pa makina awiri a Revox, ndipo zomwe zajambulidwa kale zinkazimirira pang'onopang'ono zatsopano zikamalowa. Chitani zomwezo: feedback, kuchuluka kwa mawu akale otsala loop ikazungulira, itsike ifike cha m'ma 70 mpaka 85 peresenti. Dziwani kuti mu Looper ya Ableton feedback imagwira pokhapokha muli pa overdub (kujambula pamwamba pa zakale), pa play sichita kanthu. Layer iliyonse ikhale ndi malo ake: ina ya mawu a pansi, ina yogogoda pathupi la gitala, ina ya mawu atali a EBow (kachipangizo konjenjemeretsa nsambo mosalekeza) kapena volume pedal. Overdrive ikhale looper isanafike, reverb pambuyo pake, kuti mchira wa reverb usaduke pomwe loop ikubwerera.

Mukafuna mawu achilendo musathamangire kugula pedal. Fred Frith, wa chimbale cha Guitar Solos cha 1974, amadziwika ndi kupanikiza tizitsulo pa nsambo, ndipo Keith Rowe amagoneka gitala patebulo n'kumaiimba ndi zinthu wamba. Kachitsulo kopanira mawaya kakaluma nsambo pafupi ndi fret ya 12, mawu amatuluka ngati a belu. Kungoti mawu oterewa amakwera mwadzidzidzi, ndiye ikani limiter (yoletsa mawu kukwera mopitirira) pa master musanapereke chingwe kwa woyendetsa masipika a pa siteji.