Tanthauzo la mawu akuti "get one over on"

Mwafunsa kuti mnzanu wa kuntchito ku Leeds ankatanthauza chiyani ponena kuti "he got one over on me", wina atamutsogolera kulembetsa masiku a tchuthi cha Khirisimasi amene iye ankawafuna. Chimenechi ndi Chingerezi cha pocheza chimene chimamveka kwambiri ku Britain, ndipo chimanenedwa munthu akaposa mnzake mochenjera pa chinthu chimene awiriwo akulimbirana. Mnzanuyo sankadandaula kuti waberedwa ayi, koma ankavomereza, mwinanso akuseka, kuti winayo wamuchenjerera.

Mtima wa mawuwa uli pa liwu lakuti "one", limene likusonyeza kuti kupambanako n'kumodzi kokha pa mpikisano umene sunathe, moti wogonja lero akhoza kudzabwezera mawa. N'chifukwa chake olemba nkhani za mpira ku England amawakonda pamene Liverpool ikukumana ndi Everton, matimu a mumzinda umodzi, kapena pamene mphunzitsi akukumana ndi timu imene inamuchotsa ntchito, pakuti pamenepo mapointi 3 sakoma ngati kutseka pakamwa mnansi wako. Choncho sindikugwirizana ndi amene amanena kuti m'Chichewa mawuwa ndi kudyera munthu masuku pamutu, chifukwa mawu athuwa amanena za kupondereza wopanda mphamvu, pamene a Chingereziwa amayenera anthu olingana msinkhu amene amapikisana kawirikawiri.

Musawasokoneze ndi akuti "put one over on", amene amapendekera ku chinyengo, monga wogulitsa galimoto akakubisirani vuto la injini. Palinso akuti "one up", amene pa masewera a gofu amanena za wosewera amene akutsogola ndi dzenje limodzi, ndipo mlembi wa ku England, Stephen Potter, anawatchukitsa mu 1952 ndi buku lake lanthabwala lotchedwa One-Upmanship, loseka anthu ofuna kuoneka oposa anzawo nthawi zonse.

Ine ndingakulangizeni kuti muziwagwiritsa ntchito pocheza ndi anzanu okhaokha amene mumazolowerana nawo, makamaka podziseka nokha monga anachitira mnzanuyo, chifukwa mukauza munthu wosamudziwa bwino kuti mwamuchita zimenezi, adzamva ngati mukudzitama. M'kalata ya kuntchito kapena pamsonkhano ndi abwana, lembani kapena nenani kuti "gain the upper hand" kapena "gain an advantage", pakuti mawu amenewa alibe chipongwe chilichonse.