Chitsime chikaphwa mu Seputembala, kafunseni munda wa kumtunda

Mwezi uno ndalandira mafunso atatu kuchokera kwa alimi a m'midzi ya Blantyre. Eni ake sadziwana, koma onse akudandaula za madzi.

Loyamba ndi la mayi wina wa kwa Kuntaja. Akuti chitsime chawo cha m'dambo kale chinkakumana ndi mvula ya chaka china, koma masiku ano chikumaphwa mu Seputembala. Azibambo a m'mudzimo akuti achikumbe chipite pansi, ndiye mayiwa akufunsa ngati zimenezi zithetse vutoli.

Mayi, kukumbako musawaletse, kukupatsani milungu ingapo. Koma chitsime sichipanga madzi. Chili ngati khomo la nkhokwe: mumatapapo zimene munalongamo. Nkhokwe yake ndi nthaka ya minda yonse imene ili kumtunda kwa dambo lanu, ndipo nthawi yolonga ndi yochepa, kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Madzi ofiira amene mumawaona akuthamanga mu Lunzu ndi Lirangwe mu Januwale ndi omwewo amene mukuwasowa mu Seputembala. Anadutsa pamwamba osalowa pansi, ndipo popita anatenga dothi lachonde ndi feteleza amene munagula modula.

Ntchito ndiye ndi yowachedwetsa madziwo kuti apeze mpata wolowa m'nthaka. Yambani ndi akalozera, isanagwe mvula. Simufunika chida cha kusitolo. Tengani nsungwi zitatu, mumange ngati chilembo cha A, pamwamba pake mulendewetse chingwe chokhala ndi mwala. Chingwe chikagwera pakati penipeni pa nsungwi yopingasa, ndiye kuti miyendo iwiriyo yaima pamalo ofanana msinkhu, khomani zikhomo. Pitirizani choncho mpaka kumalire, kenaka muunde mzere waukulu potsata zikhomozo. Mizere ina yonse itsate kalozerayo, ngakhale ioneke yokhotakhota. Ndikudziwa kuti alimi ambiri amanyadira mzere woongoka ngati chingwe, koma mzere woongoka umene walunjika kumunsi ndi ngalande yothamangitsira chonde kumtsinje.

M'makwawa ikani ngonyeka, timizere tadothi topingasa pakati pa mizere, motalikirana masitepe awiri kapena atatu, kuti mvula ikagwa madzi aime m'timabokosi. Pa kalozera dzalani udzu wa vetiva mvula ikakhazikika, mapando ake motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kungoti m'lifupi mwa chikhatho. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pofuna kuti mbewu ikwanire munda wonse amadzala patalipatali, ndiye madzi amapeza mipata n'kuyamba kukumba pomwepo. Bola kumaliza mzere umodzi wothithikana chaka chino, chaka chamawa mudzagawe mapando kuchokera pamenepo. Ena amaopa kuti udzuwu ufalikira munda wonse. Vetiva amene timagawa safalikira ndi njere, amakhala pomwe mwamuika.

Mapesi musatenthe, agonekeni m'munda aphimbe nthaka. Anyamata osaka mbewa auzidwe pabwalo la amfumu, chifukwa moto wa tsiku limodzi umasiya phiri lonse lili mbee. Yang'ananinso njira zopita kumjigo ndi malire a minda, poti zigwembe zambiri zimayambira m'menemo. Chigwembe chimatsekedwa kuyambira kumutu kwake, chikadali chaching'ono, ndi timipanda ta miyala kapena zikhomo zolukidwa ndi nthambi, kenaka nsenjere kapena vetiva kuseri kwake. Mukayambira kumunsi, madzi amabwera ndi mphamvu zake zonse n'kukokolola ntchito yanu usiku umodzi.

Chenjezo limodzi: pamalo otsetsereka kwambiri musakumbe maenje akuya osunga madzi musanaitane mlangizi adzaone. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Nthaka ya paphiri ikakhuta madzi popanda mizu yoigwira, imatsika yonse. Malo oterewa ndi a mitengo. Ndipo musathamangire mbande zokha ayi. Zitsa za mitengo yachilengedwe zimene zikuphukira zili kale ndi mizu yozama. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa, zinazo sadzani, muziteteze ku moto ndi mbuzi. Zimakula msanga kuposa mbande zimene timadzala mu Januwale n'kuziiwala mu Meyi.

Ndisakunamizeni, mayi: chitsime sichibwerera chaka chimodzi, ndiponso munda wanu wokha sungachidzaze. Nkhaniyi ipite kwa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, kuti onse olima kumtunda kwa dambolo agwire ntchitoyi nyengo imodzi. Podikira, kololani madzi a padenga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ya malata imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 40 pa mvula ya mamilimita 20 ndi malita 800, zigubu 40 za malita 20. Madzi oyamba muwasiye atsuke fumbi ndi zitosi.

Funso lachiwiri labwera ndi mkwiyo pang'ono. Bambo wina wolima tomato ndi masamba m'mbali mwa mtsinje wa Lunzu akuti akuuzidwa kuti asamalime mpaka m'gombe. "Chinyontho chili pomwepo, ndikachokapo ana adya chiyani?"

Bambo, funso lanu ndi lomveka, ndipo sindikuuzani kuti musiye dimba. Koma tayezani ndi maso pamene panali gombe zaka zisanu zapitazo ndi pamene lili lero. Mtsinje ukudya dimba lanulo chaka ndi chaka, chifukwa khasu linachotsa bango ndi mizu imene inkagwira dothi. Siyani kachigawo m'mbali mwa madzi kosagaula, masitepe khumi ngati malo alola, ndipo kasakhale kongogona. Kufupi ndi madzi kukhale bango, nsenjere ndi nsungwi, chakumtunda nthochi ndi mitengo yokonda madzi monga mkuyu, katope ndi mbawa. Nsenjere ndi chakudya cha mbuzi ndi ng'ombe, nsungwi ndi mitengo yoimikira tomato yemweyo, nthochi mukagulitsa pa Lunzu. Bulugama yekha ndiye ayi pafupi ndi kasupe kapena mtsinje, amamwa madzi kwambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kumadimba ndi mankhwala. Ndaonapo munthu akutsuka sipuleya mumtsinje, pamene chakumunsi pang'ono mayi akutunga. Tungani madzi m'ndowa, mukasungunulire mankhwala ndi kutsuka sipuleya kutali ndi gombe. Botolo lotha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya momwemo, kenaka liboeleni kuti wina asadzasungiremo mchere kapena madzi akumwa. Musapope mvula ikulendewera. Mitsinje ya kuno imathera mu Shire, ndipo pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndi pamene Blantyre Water Board imapopa madzi ambiri amene anthu a m'tauni amamwa. Dothi lochoka m'minda yathu limakadzaza pamenepo ndi padamu la magetsi la Nkula. Mwana wanu amene akuchita lendi ku Ndirande akamadandaula kuti mpopi wauma, mwina mbali ina ya vutolo inachokera kumudzi kwawo.

Lachitatu ndi la komiti ya mjigo ina ya kwa Kapeni: mvula ikagwa madzi amatuluka amatope, ndipo ana akutsegula m'mimba.

Mjigo wabwino suyenera kusintha mtundu chifukwa cha mvula ya dzulo. Ukatero ndiye kuti madzi a pamwamba akulowera penapake. Onani simenti yozungulira mjigowo ngati yang'ambika, makamaka patsinde pa pampu, ndipo muimate msanga. Ngalande yotaya madzi ikhale yoyera, ikathere m'dzenje la miyala, osati m'chithaphwi chimene nkhumba zimagonamo. Mangani mpanda. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pamjigo, ndipo zikhale kumunsi kwake. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, choncho musadikire kuti simenti iume. Lero lomwe kauzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu abwere ndi klorini, ndipo pakhomo lililonse madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala, n'kusungidwa m'chigubu chotseka m'malo mwa ndowa imene aliyense amaviikamo kapu. Ndalama za komiti zikakhala zochepa, thumba la simenti likhale loyamba kugulidwa, mpanda mutha kumanga ndi nsungwi.