Musanagulitse Sienta, yambani mwaona komwe galimoto yamagetsiyo izigona

Achimwene, mwafunsa ngati kuli kwanzeru kugulitsa Sienta yanu n'kuitanitsa galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yogwirapo kale ntchito ku Japan, poti petulo akungokwera ndipo kugona pamzere kwakukwanani. Mwatinso mumakhala ku Area 25, ntchito ndi ku City Centre, patsiku mumayenda makilomita pafupifupi 40 mukaphatikiza kukasiya ana kusukulu, koma kwanu ndi ku Mzuzu. Ine ntchito yanga ndi yolumikiza magetsi m'nyumba ndi kuika sola, ndiye ndiyankha monga wa mawaya. Ambiri pa gulu lathu lino akukangana za galimotoyo, pomwe mutu wa nkhani uli pa soketi yomwe muzitchajira usiku.

Kumbali ya ndalama ya tsiku ndi tsiku, palibe zokayikitsa, magetsi ndi otchipa. Galimoto ngati yanuyo m'tauni imamwa malita 7 kapena kuposa pa makilomita 100. Leaf pa mtunda womwewo imadya mayunitsi pafupifupi 20, tikawerengera ndi omwe amatayika potchaja. Mu Novembala 2023, kwacha atatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, petulo anafika K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 MERA inalengeza K3,499. Ngakhale pa mtengo wa K3,499 womwewo, malita 7 ndi ndalama yoposa K24,000. Tsono tengani risiti yomwe munagulira mayunitsi a ESCOM, muone kuti 20 akukwana zingati. Muona nokha kuti kusiyana kwake n'kwakukulu. Onjezanipo kuti mulibe oyilo wa injini, mulibe mapulagi a injini, mulibe fyuluta ya mafuta.

Palinso china choposa mtengo. Petulo wathu amachita kubwera pa matanki kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola omwe dziko lathu limasowa. Madola akavuta, mizere imayamba, a zigubu n'kuyamba kutchula mitengo yawoyawo. Magetsi ambiri timapanga tokha pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo sola ya ku Salima ndi ku Golomoti. Ine zimandiwawa kuona anthu akutaya tsiku lathunthu la ntchito pamzere, chikhalirecho madzi a mu Shire akuyenda usana ndi usiku.

Koma Shire yemweyo ndiye wotigwetsa nthawi zina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zinatenga nthawi yoposa chaka kuti abwerere. Amene anali muno akukumbukira mmene magetsi ankathimira. Ndiye funso la omwe akuti "nanga akathima?" ndi lomveka. Kungoti anthu amaganiza ngati galimoto imafuna kudzadzidwa kuchokera pansi tsiku lililonse. Ayi. Makilomita anu 40 ndi mayunitsi 8 basi. Pa soketi wamba, tchaja ikukoka ma amp 10, ndi maola osapitirira anayi. Nthawi zambiri ngakhale magetsi akuvuta, pakati pa usiku amakhalapo. Mukaibaya mukamagona, m'mawa yabwezera zomwe munadya dzulo. Ndipo batire ikakhala yabwino, usiku umodzi kapena uwiri wopanda magetsi sungakuimitseni.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere bwino. Kodi nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi? Galimoto imagona mkati mwa mpanda, pafupi ndi khoma? Mita ndi yanuyanu kapena mumagawana ndi nyumba zina pa ploti? Ngati mita ndi yogawana, mudana ndi aneba mwezi woyamba womwe, chifukwa galimoto yokha izidya mayunitsi oposa 200 pamwezi. Ngati ndi ya lendi, kambiranani kaye ndi eni nyumba za kukoka waya.

Waya ameneyo musamutenge mopepuka. Ketulo imakoka moto wambiri koma kwa mphindi zisanu. Galimoto imakoka maola, osapumira. Ndakhala ndikuchotsa masoketi m'nyumba za anthu omwe amaphikira hotipuleti pa ekisitenshoni zotchipa za mumsika: pulasitiki yozungulira kabowo imasanduka yofiirira, imanunkha ngati tayala lopsa, ukamasula kumbuyo umapeza kopa wada ndipo sikuluwu yamasuka. Zimenezo zikachitika 2 koloko usiku, ana ali mtulo, ndi nkhani ina. Galimoto imafuna waya wakewake wochokera pa DB (bokosi lija la mabuleka logawa magetsi m'nyumba), buleka yakeyake, chotetezera moto ukamadontha, ndi earth yeniyeni yokhomedwa pansi. Nyumba zambiri zomangidwa mothamanga earth yake ndi ya dzina chabe, ndipo matchaja ambiri amakana kugwira akaona kuti earth palibe. Ikaniponso chotetezera ku mphamvu yobwera mwadzidzidzi, poti magetsi athu akamabwerera amabwera ndi ukali. Muonetsetsenso chingwe chomwe chabwera ndi galimotoyo. Ku Japan nyumba zimayendera 100V ndi 200V, pomwe kuno ndi 230V, ndiye wodziwa aone kaye zomwe zalembedwa pa kabokosi kake musanachibaye.

Wina wanena kuti mungotchajira pa sola. Zimatheka, koma osati ka sola koyatsira mababu ndi TV. Batire ya m'nyumba ya 5 kWh (ndiwo mayunitsi 5) galimoto imaimaliza isanakhute n'komwe. Kuti mupeze mayunitsi 8 patsiku pafunika mapanelo anayi kapena asanu a 550W ongogwirira galimoto, ndiye vuto n'lakuti dzuwa likamawala galimoto ili ku City Centre. Za jenereta ndiye musaganizeko, ndi kubwerera pamzere womwe mukuuthawawo.

Tsopano Leaf yeniyeniyo. Zoyamba, zomwe zinatuluka kuyambira 2010, zili ndi batire ya 24 kWh. Kenako kunabwera 30 kWh, ndipo za maonekedwe atsopano kuyambira kumapeto kwa 2017 zambiri zili ndi 40 kWh. Zotchipa zomwe mukuziona pa intaneti zambiri ndi za 24, ndipo kutchipako kuli ndi chifukwa. Batire imakalamba ngati ya foni. Ya ma Leaf amenewa ilibenso choiziziritsa ndi madzi, choncho kutentha kumaikalambitsa msanga. Ku Lilongwe ikhoza kupirira, koma munthu wa ku Nchalo kapena ku Nsanje sindingamulimbikitse. Pa dashibodi pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi tosonyeza kuti yadzadza bwanji. Uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha timizereto galimoto ili choyaka, ndipo ngati n'kotheka aiyeze ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa LeafSpy muone nambala ya SOH, yosonyeza peresenti ya thanzi lomwe batire yatsala nalo. Timizere tikatsika kufika 8 kapena 9 pa batire ya 24, musayembekezere makilomita 100. Musakopeke ndi penti yowala. Pa galimoto imeneyi chomwe mukugula ndi batire, ndipo kuitanitsa ina kukhoza kudya ndalama yofanana ndi mtengo wa galimotoyo. Mufunsenso a MRA kapena ajenti wanu za msonkho musanatumize ndalama.

Ulendo wa kwanu ndiye pondivuta. Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350, ndipo mukadutsa Jenda kulowera ku Chikangawa ndi zitunda, zomwe zimadya batire kwambiri. Leaf ya 40 kWh yathanzi pa msewu waukulu imayenda makilomita 200 ndi pang'ono. Ya 24 mwina kungofika pa Kasungu, mwinanso osafika. Musawerengere potchajira mwachangu panjira pokhapokha mutapaona ndi maso anu, mutatsimikiza kuti pakugwira ntchito, ndiponso kuti pulagi yake ndi CHAdeMO, yomwe Leaf imagwiritsa ntchito, poti matchaja ambiri atsopano ndi a mtundu wina wotchedwa CCS. Kudzadza 40 kWh pa soketi wamba ndi maola oposa 17. Uthenga wa maliro ukabwera usiku, achibale akudikira galimoto yanu, simungawauze kuti dikirani itchaje. Nthawi ya dzinja, m'misewu ya fumbi yokumbika, kumbukiraninso kuti batire ili kunsi kwa galimoto, ndipo Leaf ndi yotsika.

Ikawonongeka, mabuleki, mashoko ndi matayala amakaniko athu akonza bwinobwino. Koma mawaya a mtundu wa olenji aja amanyamula mphamvu yoposa 350V, yokwana kupha munthu pomwepo. Musalole aliyense kuti aphunzirirepo pa galimoto yanu.

Ndiye maganizo anga ndi awa, achimwene. Mukanakhala ndi galimoto ziwiri pakhomo, ndikanati gulitsani imodzi lero, tengani Leaf ya 40 kWh, muiwale za mzere mkati mwa sabata. Koma ngati Sienta ndi yokhayo, yomwe imanyamula ana, matumba a chimanga ndi achibale a ku Mzuzu, musaisinthanitse ndi Leaf yakale. Yang'anani hybrid, yoyendera petulo ndi batire pamodzi. Sienta yomweyo ilipo ya hybrid kuyambira 2015, palinso Aqua, Fit ndi Note e-Power. Sizifuna soketi, zimadzitchaja zokha poyenda, ndipo m'tauni momwe mumaima n'kunyamuka pafupipafupi ndi momwe zimapulumutsa mafuta kwambiri. Pamzere muzipitabe, koma mwa apo ndi apo.

Ngati mtima uli pa Leaf ndithu, jambulani DB yanu chitseko chili chotsegula, mujambulenso pomwe galimoto imagona, muponye muno. Tikuuzani kukula kwa waya wofunika ndi zina zoti mugule musanalipire galimotoyo.