Envulopu yomata ndi ulosi wa m'kati mwake: yankho kwa wongoyamba kumene

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti wayamba kumene kuphunzira masewera aja ooneka ngati munthu akuwerenga maganizo a anzake, ndipo mtima wake uli pa masewera a envulopu: kulemba kanthu papepala, kumata, kenako munthu wina n'kusankha chinthu, potsegula n'kupeza kuti zomwe wasankhazo zinalembedwa kale. Mafunso ake ndi awiri. Kodi agule envulopu yapadera yopangidwira zimenezi? Nanga munthu uja akasankha zosiyana ndi zomwe zili m'katimo, iye atani?

Mnzanga, ndalama zanuzo sungani. Envulopu ilibe chinsinsi chilichonse, ndipo imagwira bwino ntchito ikakhala yawamba. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kutsimikizira oonerera kuti mawu aja analembedwa kusankha kusanachitike. Luso lonse lili kunja kwake, pa zomwe mukulankhula ndi nthawi yomwe mukuzilankhula. Njira zikuluzikulu zilipo zitatu: kumutsogolera munthu kuti asankhe chomwe inu mukufuna iye akuganiza kuti wasankha yekha, kukonzeratu yankho la chilichonse chomwe angasankhe, kapena kulemba mobisa iye atasankha kale. Yachitatuyi muiyike kaye pambali. Imafuna zala zozolowera, ndipo wongoyamba kumene amagwidwa nayo msanga.

Yambani ndi makhadi. Pali njira yakale yomwe a ntchitoyi amaitcha cross-cut force, ndipo ndi imene ndimalangiza aliyense kuti aiphunzire poyamba, chifukwa imaphunzitsa chinthu chofunika kuposa njirayo. Musanayambe, dziwani khadi lomwe lili pamwamba pa mulu, tinene kuti ndi 7 ya mitima, ndipo mulilembe papepala la mu envulopu. Envulopuyo muimate, munthuyo asainire pomatapo ndi kuisunga m'manja mwake. Ikani muluwo patebulo. Muuzeni munthuyo adule paliponse pomwe wafuna, gawo lomwe wanyamulalo aliyike pambali. Inu tengani gawo lotsalalo mulisanjike mopingasa pamwamba pa lomwe wadulalo, uku mukunena kuti tiyike chizindikiro pomwe mwadula.

Apa ndiye pali nkhani yonse. Musathamangire kuonetsa khadi. Mukatero, aliyense wamaso aona kuti khadi lomwe mukuloza ndi lomwe lija linali pamwamba poyamba. Chotsani maso anu pamakhadi, muyang'ane munthuyo kumaso, muyambe kukamba za envulopu. Mufunseni ngati yachoka m'manja mwake chiyambire. Mufunseni ngati siginecha yomwe ili pomatapo ndi yakedi. Afunseninso ena ngati anakuonani mukuikhudza. Pakadutsa kanthawi kochepa chabe, ngakhale theka la mphindi, palibe amene akukumbukira kuti gawo liti linali pamwamba ndipo liti linali pansi. Tsopano nyamulani gawo lapamwamba, mulozere khadi loyamba la gawo lapansi, munene kuti taonani khadi lomwe mwadulira. Ndi 7 ya mitima ija. Mwaona kuti envulopu yagwira ntchito ziwiri? Yasunga ulosi, komanso yakupatsani chifukwa chomveka chochedwera. Popanda kuchedwako, njirayi ndi yamanyazi. Ndi kuchedwako, imapusitsa ngakhale anthu ochenjera kwambiri, chifukwa sikuti maso awo ndi amene anyengedwa, koma chikumbukiro chawo.

Ngati makhadi simuwakonda, pali masamu a 1089. Munthu alembe nambala ya manambala atatu, yoyamba ndi yomaliza zisiyane ndi 2 kapena kuposerapo. Aitembenuze, achotse yaying'ono pa yaikulu, yankholo alitembenuzenso n'kuphatikiza. Tinene 732. Kutembenuza ndi 237, kuchotsera kutsala 495, kuphatikiza ndi 594 kupeza 1089. Nthawi zonse yankho ndi lomwelo. Vuto lake n'loti imanunkha masamu, ndipo wina akaibwereza pafoni ndi nambala ina, chinsinsi chathera pomwepo. Choncho musalembe 1089 mu envulopu. Mupatseni buku, mumuuze atsegule tsamba 108 ndi kuwerenga mawu a nambala 9 kuchokera pamwamba, ndipo mawu amenewo ndi omwe ali papepala lanu. Anthu amakumbukira buku ndi mawu aja, masamu amawaiwala.

Ina yomwe mudzaimva kwambiri ndi ya 37: kumuuza munthu aganize nambala ya pakati pa 1 ndi 50, manambala ake onse awiri akhale osagawika ndi 2 komanso osiyana. Zoona, ambiri amagwera pa 37. Koma 13, 15, 17, 19, 31, 35 ndi 39 nazonso zikukwanira malamulowo, ndipo tsiku lina munthu adzanena 19 inu mutamata kale 37. Imeneyi musaimatire mu envulopu.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti akasankha zina mutani. Yankho ndi lakuti musalole kuti pakhale "zina". Ikani zinthu zitatu patebulo: kiyi, ndalama yachitsulo ndi cholembera. Papepala la mu envulopu mwalemba kuti kiyi. Kumbuyo kwa envulopu, komwe kwagona patebulo osaoneka, mwalembako kuti ndalama. M'chikwama chanu cha ndalama muli kapepala kena kolembedwa kuti cholembera. Munthu asankhe momasuka, ndipo mumufunse ngati akufuna kusintha maganizo, chifukwa apa mulibe choopa. Akati kiyi, atsegule envulopu, koma muonetsetse kuti ikutsegulidwa kumbuyo kwake kusakuonekera kwa anthu. Akati ndalama, muuzeni aitembenuze, ndipo isatsegulidwe. Akati cholembera, tulutsani chikwama. Oonerera amaona njira imodzi yokha, ziwiri zinazo sadziwa n'komwe kuti zinalipo.

Koma pali lamulo lomwe mukaliphwanya zonse zagwa: musanene komwe ulosi uli munthu asanasankhe. Mukangoti yankho lili m'kati mwa envulopuyi, mwadzitsekera nokha makomo ena awiri aja. Nenani chabe kuti musanabwere munalemba kanthu. Ndipo pa njira imeneyi envulopu isapite m'manja mwa munthu asanasankhe, ikhale patebulo mutaitsindira ndi tambula. Ine pandekha yankho la m'chikwama ndimaliona lofooka, chifukwa wina akhoza kufunsa kuti nanga envulopu ija ndi ya chiyani. Ngati zikukuvutani, chikwamacho chiyikeni patebulo kuyambira pachiyambi, kapena muchiyike icho pamwamba pa envulopu m'malo mwa tambula, kuti zonse zioneke kuti zinali pamaso pa anthu.

Ilipo njira inanso yotchedwa equivoque, yomwe mumasintha tanthauzo la zomwe munthu wachita. Pa zinthu zitatu zija, mukufuna kiyi. Mumati gwirani ziwiri. Akasiya kiyi, mumati mwatisiyira kiyi. Akagwira kiyi ndi ndalama, mumati ndipatseni chimodzi, kenako kaya wakupatsani kiyi kaya watsala naye, mumalankhula ngati cholinga chinali chomwecho. Ikamveka papepala ndi yophweka, koma imafuna pakamwa posadodoma. Mukangojejema pang'ono, munthu amazindikira kuti mukuganiza chonena.

Za envulopu yeniyeniyo ndi zochepa. Ikhale ya pepala lokhuthala kuti zolemba zisaonekere pakuwala. Lembani ndi maka, zilembo zikuluzikulu zoti wakumbuyo awerenge. Pomwe njira ikulola, munthuyo asainire pomatapo ndipo atsegule yekha, manja anu ali kutali. Musanene kuti iyi ndi envulopu wamba yopanda chinyengo, chifukwa palibe amene anaganiza za chinyengo mpaka inu mutachitchula. Khadi lija lionetsedwe ndi kutchulidwa mokweza envulopu isanatsegulidwe, kuti pasakhale wotsutsa pambuyo pake. Ndipo wina akati tabwerezani, kanani mwaulemu, muchite masewera ena. Kachiwiri anthu saonereranso, amakhala akufufuza.

Pa 9 Seputembala 2009 Derren Brown, katswiri wa masewerawa, anaoneka pa wailesi yakanema ya Channel 4 ku Britain ngati walosera manambala opambana a mpikisano wa mwayi wa National Lottery. Dziko lonse linakambirana nkhaniyi, koma taganizirani: manambala ake anawaonetsa makina atatulutsa kale manambala enieni. Nthawi zambiri ulosi wa m'masewerawa umaululidwa zinthu zitachitika, kaya ndi pa wailesi yakanema kaya ndi patebulo lanu. Ntchito ya wochita masewera ndi kupangitsa kuti anthu asadabwe ndi kuchedwa kumeneko, aziona ngati ndi mmene zinayenera kukhalira.

Mudzakumana ndi anthu okhulupirira kuti mulidi ndi mphamvu zapadera, ena adzakufunsani za maloto awo kapena za m'bale wawo amene anamwalira. Apa musapezerepo mwayi. Simukuyenera kuulula njira yanu, koma nenani poyera kuti awa ndi masewera a luso, osangalatsa anthu. M'zaka za m'ma 1920 Harry Houdini, katswiri wotchuka wa masewera a luso ngati awa, anathera nthawi yambiri akuyalutsa anthu omwe ankagwiritsa ntchito njira zangati zimenezi podyera anamfedwa ndalama. Njira n'zomwezo, chosiyana ndi zomwe mumawauza anthu.

Mukafuna kuwerenga, mabuku awiri ndi omwe ambiri anayambira: Practical Mental Effects, lomwe linatuluka mu 1944 kuchokera ku ntchito ya Theodore Annemann, mkonzi wa magazini ya The Jinx, ndi Thirteen Steps to Mentalism la Tony Corinda. Buku la Corinda limayamba ndi kachipangizo kolembera kobisika kuchala, komwe ndi njira yachitatu ija ndinati muiyike pambali. Mudzafikako. Pakadali pano tengani makhadi ndi envulopu, dzijambuleni pafoni mukuchita cross-cut force, kenako muonere ndi kuwerengera kuti padutsa masekondi angati kuchokera pomwe munasanjika makhadi kufika pomwe munawabwerera. Akachepera 20, mawu anu a za envulopu ndi ochepa. Alembeni papepala, muwaloweze, mujambulenso.