Galu wa malemu malume: ndimusinthe dzina?

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo iyi: "Malume anga atamwalira ndinatenga galu wawo wa zaka 4. Dzina lake ndi Adzatopa, ndipo kumudzi aliyense akudziwa kuti malumewo ankalasa abale omwe ankalimbirana nawo munda. Abalewo akabwera kwathu ndimasowa pomuitanira. Ndikamusintha dzina sasokonezeka? Nanga sindilakwira malemu?"

Musintheni, mayi, musachite mantha.

Mwambo wolankhulira kudzera m'dzina la galu ndi wakale. Munthu wolephera kunena mawu pamaso pa mnzake ankangotcha galu, n'kumamuitana mokweza m'mawa uliwonse kuti a nyumba yoyandikana amve. Ineyo ndimausirira luso lake. Koma mkangano wa mundawo unali wa malume anu. Inu mukamakuwa kuti "Adzatopa!" azakhali ali pakhonde, ndiye kuti mwaulowa mkanganowo musakufuna. Kulemekeza malemu ndi kumudyetsa bwino galu amene anamusiya, ndi kumupatsa pogona pouma.

Galuyo alibe nazo ntchito tanthauzo la dzina. Iye amangodziwa kuti liwu limeneli likamveka, pamabwera chakudya, kusisitidwa, kapena ndodo. Ndi chifukwa chake galu amene ankamenyedwa kumene anachokera ndi bwino kumupatsiratu dzina latsopano, poti lakalelo limamukumbutsa mantha.

Sankhani dzina lalifupi, losavuta kufuula, losafanana ndi la mwana aliyense pakhomo. Mukhale ndi kachidutswa ka nyama kapena tiusipa m'manja. Tchulani dzinalo kamodzi. Akangokuyang'anani, mupatseni pomwepo. Chitani zimenezi kangapo patsiku, makamaka nthawi ya chakudya, ndipo ana ndi onse a pakhomo agwiritse dzina lomwelo. Masabata oyamba musamukalipire ndi dzina latsopanoli. Galu wamkulu amaphunzira ndithu, kungoti yemwe wangosamuka kumene amafunika kumulezera mtima, chifukwa nayenso wataya mbuye wake ndi bwalo lomwe ankalidziwa.

China chomwe simunafunse: khadi la katemera wa chiwewe. Kuno ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu kwaulere kuyambira 2015, ndipo amapereka khadi. Ngati malume anali nalo, lifunafuneni, mukauze dokotala wa ziweto alembepo dzina latsopano pambali pa lakale. Likasowa, mutengereni galuyo akabayidwenso musanamulole kusewera ndi ana.